Masiku atatu pa phiri la Mulanje m'chilimwe: zomwe dzuwa ndi mitambo zinatichita

Ndinakulira ku Thyolo, kumene phiri la Mulanje limaoneka kum'mawa tsiku lililonse kukacha bwino, koma ndinafika zaka 38 ndisanalipondepo. Kwathu munthu amakwera phiri akakhala ndi chokatenga: nkhuni, nsungwi, udzu wofolera, mankhwala. Kukwera chabe kuti ukagone pamwamba n'kutsikanso tinkati ndi za azungu. Amene anandisintha maganizo ndi mng'ono wanga, chitsirizira m'nyumba mwathu, yemwe anali atangolemba mayeso a Fomu 4 ndipo ankakhala kwathu ku Bangwe podikira zotsatira. Tsiku lina tikudya anandifunsa kuti, "Achimwene, anthu amachoka ku Germany kudzakwera phiri ili, nanga ife tili pompano tikudikira chiyani?" Ndinasowa chomuyankha.

Tinasankha mapeto a sabata ya Tsiku la Anakubala mu 2023. Pa 15 Okutobala linali Lamlungu, choncho Lolemba kunalibe ntchito ndipo tinali ndi masiku atatu athunthu. Mlamu wanga, mchimwene wa mayi akunyumba, anati nayenso asatsale. Tenti tinabwereka kwa achinyamata a kutchalitchi kwathu, ya anthu atatu, yomwe amagwiritsa ntchito pa misonkhano ya misasa. Ndikulemba izi poganizira anzanga amene mpata wopita kuphiri amaupeza mwezi wotenthawu, chifukwa chomwe chinatsala pang'ono kutivulaza sichinali njoka kapena chilombo ayi. Inali nthawi yomwe tinkayambira kuyenda, ndipo kawiri konse amene anasankha nthawi yolakwikayo ndinali ine.

Tinapangana kuti Loweruka tinyamuka 6 koloko m'mawa. Koma Lachisanu sitinagule chakudya chilichonse, ndiye m'mawa wa ulendowo tinayamba tazungulira mumsika wa Limbe kufuna ufa, usipa, soya, tomato, anyezi, shuga ndi mtedza. Minibasi nayo inatenga nthawi kuti idzaze. Tinadutsa msewu wa Midima n'kutsikira pa Chitakale, pomwe tinakwera njinga zamoto za kabaza kupita ku Likhubula, mtunda wa makilomita pafupifupi 10 mumsewu wopita ku Phalombe. Pofika pa ofesi ya zankhalango 11 koloko inali itadutsa kale, dzuwa lili paliwombo, nyenje zikulira moboola m'makutu. Sabata imeneyo a zanyengo anali atachenjeza pa wailesi kuti kutentha kwambiri, ndipo ndinamva ndithu, koma sindinaganize kuti chenjezolo likukhudzanso ife.

Mukangotsika pa njinga anyamata amakuthamangirani, aliyense akuti ndi gayidi. Ife tinapita kaye ku ofesi, ndipo ndikulangiza aliyense kutero. Kumeneko mumalipira ndalama yolowera, mumalembetsa maina anu, njira yomwe mudutse ndi tsiku lomwe mutsike, ndipo amakupatsani gayidi ndi mapotala (onyamula katundu) odziwika. Mukapanda kutsika pa tsiku lake, pali anthu amene akudziwa poyambira kukufunani. Mitengo imasintha kwacha ikagwa, choncho ifunseni pomwepo ndipo mugwirizane musanayambe kuyenda, kuphatikizapo nkhani ya chakudya cha gayidi ndi potala. Nyamulani ndalama zogwirika, chifukwa pamwamba netiweki imapezeka pamalo ochepa okha.

Gayidi wathu anali bambo wa zaka za m'ma 50, wamfupi, wa m'mudzi wina wa m'munsi mwa phirilo, amene anayamba ngati potala ali mnyamata. Anayang'ana kumwamba, kenako anayang'ana nsapato zathu ndi mabotolo athu a madzi, n'kunena mwaulemu kuti, "Mabwana, mwezi uno phiri sitiyamba nthawi ino. Khomani tenti yanu konkuno mugone, mawa 5 koloko tinyamuke." Ndinakana. M'mutu mwanga munali kale ndondomeko: Loweruka ku Chambe, Lamlungu pa Sapitwa (nsonga yaitali kwambiri ya phirili), Lolemba kutsika. Kugona ku Likhubula kukanatanthauza kutaya Sapitwa. Bambo aja sanalimbane nane. Anangoti ngati ndi choncho tidzere njira ya Chapaluka, yomwe imatsata mtsinje ndipo ili ndi mithunzi, osati ya Skyline yomwe ndi yotsetsereka kwambiri komanso ya pambalambanda. Anatitumanso kukagula mabotolo ena pa kagolosale, chifukwa anthu atatu tinali ndi malita atatu okha a madzi. Iwo amafuna kuti aliyense akhale ndi malita awiri pamsana pake.

Ola loyamba linali labwino. Tinadutsa pafupi ndi Dziwe la Nkhalamba, mng'ono wanga akujambula chilichonse pa foni. M'mbali mwa phiri munkaoneka zipsera zikuluzikulu zofiira, pomwe nthaka ndi miyala zinagumuka nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi chaka chomwecho. Gayidi anatisonyeza pomwe njira yakale inkadutsa, pomwe tsopano panali chigwembe chodzaza miyala yaikulu ngati nyumba. Iwo sankati namondwe, ankati napolo, ndipo anati ali mnyamata anaonanso napolo wa ku Phalombe wa 1991. Titamva zimenezo tinayenda kanthawi osalankhula.

Kuchoka ku Likhubula kukafika pa chidikha cha Chambe mumakwera mamita pafupifupi 1,000, ndipo anthu ambiri amatenga maola atatu kapena anayi. Ife tinatenga asanu ndi limodzi, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Cha m'ma 2 koloko njira inasiyana ndi mtsinje n'kuyamba kukwera pamiyala yopanda mthunzi. Miyalayo inkatentha moti ukaigwira ndi dzanja umachotsa msanga. Mlamu wanga, munthu wojintcha amene amagwira ntchito yokhala pampando tsiku lonse, anayamba kutsalira. Poyamba ankati nsapato zikumupana, popeza anagula zatsopano dzulo lake. Kenako anasiya kuyankha nthabwala za mng'ono wanga. Nditacheuka ndinamuona ataima, manja ali m'mawondo, malaya ali chonyowa ngati wagwa mumtsinje, nkhope itatuwa. Anati mutu ukugunda, akumva nseru, ndipo akaweramuka akuona chizungulire. Atayesa kuponda sitepe ina, katumba wa mwendo wamanja anakokana mpaka anakhala pansi akukuwa.

Ine ndinasokonezeka, ndinangoti, "Alamu, limbani mtima, tatsala pang'ono." Gayidi anandigwira paphewa n'kunena kuti apa kulimba mtima sikuthandiza. Iwo ndi potala anamugwiriziza mpaka pansi pa thanthwe lomwe linali ndi mthunzi, anamuvula nsapato ndi malaya, anamugoneka chagada n'kuika chikwama pansi pa miyendo yake kuti ikwere. Potala anatsikira kukakhwawa n'kubwera ndi chitenje chonyowa chomwe anamufunditsa m'khosi ndi pachifuwa, uku akumukupiza ndi chivundikiro cha poto. Kenako gayidi anafunsa ngati tili ndi Thanzi ORS. Tinalibe. Anatenga botolo la lita imodzi, anathiramo masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya mchere, anakhutchumula, n'kumamupatsa pang'onopang'ono, osati kugugudiza. Anamufunsanso funso lomwe ine sindikanaliganiza: wakodza liti komaliza, ndipo mkodzowo unali wotani? Mlamu anati kuyambira ku Limbe sanataye madzi. Gayidi anapukusa mutu. Anati munthu amene akumwa mokwanira paphiri amapita kuseri pafupipafupi ndipo mkodzo wake umakhala woyera. Ukayamba kuoneka ngati tiyi, thupi lauma kale ngakhale mwini wake asakumva ludzu.

Tinakhala pansi pa thanthwe limenelo ola limodzi ndi theka. Gayidi ananena poyera kuti mlamu akayamba kubwebweta, kusanza chilichonse chomwe wamwa, kapena khungu likatentha koma thukuta osatuluka, ulendo uthera pomwepo ndipo tiitana anthu amunyamule kupita kuchipatala, chifukwa zikafika pamenepo munthu amatha kufa. Mwamwayi sizinafike apo. Cha m'ma 4 koloko mlamu anakhala tsonga, anadya nthochi ziwiri ndi mtedza, n'kupempha nsapato zake. Potala anawonjezera chikwama cha mlamu pamwamba pa katundu yemwe anali naye kale. Ndinachita manyazi kwambiri, podziwa kuti zonsezi bambo aja anaziona tili ku ofesi.

Tinafika pa nyumba ya alendo ya Chambe dzuwa likulowa. Kumeneko ndi dziko lina. Kuli chidikha chachikulu cha udzu, mphepo yozizira bwino, ndipo nsonga ya Chambe yaima pafupi ngati khoma. Pa phirili pali nyumba zogona zingapo, monga Chambe, Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Sombani, Minunu ndi Madzeka, ndipo iliyonse ili ndi mlonda amene amakoleza moto ndi kutunga madzi. Tenti imakhomedwa pafupi ndi nyumbazi, osati paliponse pomwe mwafuna. Yathu tinaikhoma mdima ukugwa, ndipo tinavutika nayo chifukwa palibe amene anayesapo kuimanga tili kunyumba. Zikhomo ziwiri zinalibemo m'thumba, mpaka mlonda anatisemera zamtengo. Ngati mwabwereka tenti, imangeni kaye pabwalo panu tsiku lisanafike.

Mlamu anabweretsa nyemba zouma kuti zikhale ndiwo za usiku umenewo. Mlonda anatiuza kuti tizibweze m'chikwama, chifukwa pamwamba madzi amawira asanatenthe kwenikweni, nyemba zimachedwa kupsa ndipo zimatha nkhuni zomwe iye amasenza kuchokera kutali. Tinaphika nsima ndi usipa wothira tomato, tonse asanu pamodzi ndi mlonda wachisanu ndi chimodzi. Sindikumbuka nsima ina yomwe inandikomera chotero.

Tsopano za usikuwo. Popeza unali Okutobala ndipo ku Bangwe tinkagona mawindo otsegula osafunda kanthu, aliyense ananyamula kabulangete kamodzi kopyapyala. Ine ndinalibe ngakhale juzi, ndinali ndi malaya a manja aatali basi. Cha m'ma 10 koloko tinayamba kuzizidwa. Pofika pakati pa usiku mano ankagundana, ndipo chisanu chambiri sichinkachokera kumwamba koma pansi, chifukwa tinagona pa pulasitiki wa tenti popanda choyala. Nthaka imakoka kutentha konse kwa m'thupi. Mame ananyowetsa tenti mpaka madontho ankagwera kumaso. Cha m'ma 1 koloko tinagonja, tinakagogoda pa nyumba, ndipo mlonda anatitsegulira n'kusonkhezera moto osadandaula. Tinapeza gayidi ndi potala ali m'tulo, atavala zipewa zaubweya ndi majekete okhuthala. M'mawa mng'ono wanga anandikumbutsa zomwe anaphunzira ku Jogalafe, kuti ukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo usiku wopanda mitambo pamalo opanda mitengo kumazizira kuposa pamenepo. Zofunika si zodula: jekete yokhuthala ya pa kaunjika, chipewa chofunda makutu, sokosi zouma zogonera zokha, ndi choyala pansi, kaya kamatiresi kopyapyala kaya makatoni. Zonsezi muzikulunge m'pepala lapulasitiki mkati mwa chikwama.

Lamlungu tinanyamuka 5 koloko itangodutsa, ndipo kuyenda kwake kunali kosiyana kotheratu ndi kwa dzulo. Miyendo inali yopepuka, madzi sankatha msanga, ngakhale mlamu ankayenda bwino kupatula matuza a kuzidendene omwe tinawamata ndi pulasitala. Mbali zambiri za chidikha zinali lupsa lokhalokha, udzu utapsa, phulusa likudetsa sokosi mpaka m'mawondo. Gayidi anati moto wambiri amayatsa ndi osaka nyama ndi mbewa, ndipo mwezi umenewu ukabuka umathamanga kuposa munthu. Chotsalira cha fodya chimodzi chikhoza kutentha chigwa chonse. Tinawoloka timitsinje tingapo tomwe tinali titaphwa, ndipo apo ndinamvetsa chifukwa chake gayidi ankatiuza kudzaza mabotolo paliponse pomwe tapeza madzi oyenda, ngakhale mabotolowo asanathe.

M'njira anatisonyeza zitsa za mkungudza, mtengo wa fuko lathu, umene mwachilengedwe umamera pa phiri lokhali padziko lonse lapansi. Anakanda chitsa china ndi mpeni n'kutinunkhitsa, ndipo fungo lake linali likadalipo ngakhale mtengowo unadulidwa zaka zapitazo. Kafukufuku wa 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha yotsala paphiri lonse. Tinaonanso timbande tomwe a Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi yozungulira akhala akubzala, tina tofika m'chiuno, tina titapserera ndi moto. Gayidi anati ali mnyamata ankayenda mumthunzi wa mikungudza pamalo pomwe ife tinkayenda padzuwa. Nkhalangoyi ndi yotetezedwa kuyambira 1927, koma zomwe agogo athu anaziona ife tazipeza zitsa. Zinandiwawa mumtima, ndipo ndinakumbuka kabokosi ka mkungudza komwe ndinagula pamsewu zaka zapitazo osafunsa komwe thabwa lake linachokera.

Pa nyumba ya Chisepo, yomwe ili m'munsi mwa Sapitwa, tinafika cha m'ma 9 koloko. Mlamu ananena yekha kuti atsala. Gayidi anati mwambo wake anthu amagona pa Chisepo n'kuyamba Sapitwa mbandakucha, kuti pofika masana akhale akutsika. Koma ife tsiku lina tinalibe, Lachiwiri ndinkayenera kukhala kuntchito. Ndinachondereranso. Anavomera, koma anaika lamulo lomwe anatiuza kuti tilibwereze ndi pakamwa pathu: ikakwana 12 koloko tisanafike pansonga, kapena iwo akangonena kuti tibwerere, tibwerera popanda kukambirana. Tinavomera.

Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002, ndipo palibe malo ena okwera kuposa amenewa m'Malawi muno. Kukwera kwake si kuyenda wamba ayi. Mukangochoka pa nyumba mumayamba matanthwe osalala otsetsereka, pomwe mumakwawa ndi manja ndi miyendo. Njira yake ndi timizere ta penti yofiira pamiyala, ndipo mukaphonya kamodzi mumapezeka pamphepete pa phompho. Pena mumadutsa pansi pa miyala ikuluikulu chokwawa ndi mimba, chikwama mukuchikankha patsogolo. Pena mumalowa m'tinkhalango ta mitengo yaifupi yopindikapindika, ndere zikulendewera m'nthambi ngati ndevu za nkhalamba. Mpweya unkandiperewera, masitepe khumi alionse ndinkaima. Mng'ono wanga ankangodumpha ngati mbuzi, akuseka, ndipo sindinamuonepo akusangalala chotero chimwalirireni bambo athu.

Cha m'ma 11:30 ndinaona gayidi akucheukacheuka kuyang'ana mbali ya ku Mozambique. Kunali timitambo toyera tomwe ine sindikanatilabadira. Pasanathe mphindi 20 tinali titasonkhana n'kuda kunsi kwake, mphepo inasintha n'kuyamba kuzizira, ndipo tinamva kugunda kwa bingu chapatali. Bambo aja anaima n'kunena mawu awiri okha: "Tibwerere, mabwana."

Nsonga inkaoneka. Iwo eni anati patsala mwina mphindi 40. Ndinaiwala lonjezo langa lonse, ndinayamba kunena kuti 12 koloko sinakwane, kuti talipira ndalama, kuti tithamange tikangogwira mwala wa pansongapo n'kubwerera. Mng'ono wanga misozi inali italengeza. Gayidi anakhala pamwala, anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Achimwene, mwana uyu mwamutenga kwa mayi ake. Matanthwe takwera aja akanyowa, mumutsitsa bwanji?" Anatikumbutsanso za mnyamata wa ku Brazil amene mu 2009 anasiya gayidi wake n'kupitiriza yekha ku Sapitwa, nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patatha milungu yoposa iwiri. Anatchulanso mtsikana wa ku Netherlands amene anasowa mu 2003 ndipo mpaka lero sanapezeke. Sananene moopseza, ananena ngati munthu amene nkhanizi zimamupweteka. Ndinatembenuka ndili ndi mkwiyo mumtima, sindibisa.

Tinatsika mofulumira momwe tikanathera. Nkhungu inatipeza pasanathe ola, ndipo inali yoti munthu ali masitepe khumi patsogolo sukumuona. Timizere tofiira tija tinasowa. Ndikanakhala ndekha sindikanadziwa kumtunda ndi kumunsi komwe, koma gayidi ankangoyenda, akutiitana kuti timve komwe ali, mng'ono wanga pakati, ine pambuyo. Kenako mvula inayamba, chizimalupsa, ya madontho akuluakulu osakanikirana ndi matalala. Inatipeza tatsala ndi matanthwe awiri omaliza, ndipo zomwe ndinaona pamenepo sindidzaiwala. Thanthwe lomwe m'mawa tinakwera louma, nsapato zikugwira bwino, linasanduka mtsinje, madzi akuyenderera ponseponse. Gayidi anatiuza kukhala pansi n'kumatsetsereka ndi matako pang'onopang'ono, zidendene zikufufuza ming'alu. Iwo anatsogola opanda nsapato, n'kumagwira phazi la mng'ono wanga ndi dzanja kuliika pomwe liyenera kuponda, phazi limodzi, kenako linalo. Pamalo ena ndinaterereka mwina mita imodzi ndisanagwire chitsamba, buluku linang'ambika ndipo chikhatho chinasupuka. Mphezi inkang'anima kumtunda komwe tinachokera. Tikanapitiriza mphindi 40 zija, mvula imeneyi ikanatipeza pamwamba penipeni, matanthwe onse ali patsogolo pathu.

Tinalowa m'nyumba ya Chisepo cha m'ma 3 koloko tili chinyowere, tikunjenjemera. Mlamu anali ataima pakhomo kuyambira pomwe bingu linayamba, ndipo atationa anangokhala pansi n'kugwira kumaso. Mlonda anali atawiritsa kale madzi a tiyi. Nditasintha zovala ndinapita kwa gayidi kukapepesa. Anangoti, "Palibe kanthu, achimwene, ambiri amatero," n'kupitiriza kuyanika jekete yawo pamoto. Usiku umenewo tenti sitinaitulutse n'komwe m'thumba.

Tikuwotha moto mng'ono wanga anafunsa za mizimu. Aliyense wa kuno anamvapo kuti dzina lakuti Sapitwa likutanthauza kuti kumeneko sikupitidwa, komanso kuti ukapeza chakudya chokonzakonza paphiri udye wekha osaitana mnzako. Gayidi ndi mlonda anafotokoza zomwe makolo awo ankawauza: osachita phokoso m'malo ena, osanyoza phiri, osapatuka panjira, osayenda wekha. Anazinena mwaulemu waukulu, ndipo ife tinamvetsera mwaulemu womwewo. Ine ndine Mkhristu, koma nditaona momwe nkhungu ija inatsekera njira pa mphindi zochepa, sindingaseke munthu amene amaopa malo amenewa. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika padziko lonse, makamaka chifukwa cha ulemu womwe Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amalipatsa. Nditamva nkhaniyo ndinakumbuka madzulo amenewo pa Chisepo.

Lolemba palibe amene anatsutsa gayidi atati tinyamuke 5 koloko. Kunja kunali kutayera, fumbi ndi utsi zitatsukidwa ndi mvula, moti tinkaona minda ya tiyi kumunsi ndi nyanja ya Chilwa chakumpoto. Kutsika kumapweteka mawondo ndi zala za kumapazi kuposa kukwera. Wengani zikhadabo musanapite, ndipo nsapato zikhale zomwe mwaziyendera kale, ngakhale zakale, bola zikhale ndi mapazi ogwira. Mlamu zikhadabo ziwiri zinada n'kudzachoka patatha mwezi. Ndodo yomwe potala anamudulira inamuthandiza kwambiri.

Tinafika pa Dziwe la Nkhalamba chakumasana, ndipo popeza linali tsiku la tchuthi panali anthu ambiri, magulu a kutchalitchi, ana asukulu, ena ndi mowa ndi zoimbira. Madzi ake ndi ozizira kwambiri ngakhale m'chilimwe, ndipo pakati ndi pakuya. Anthu amirapo pamenepa. Gayidi anatiuza kuti tiyambe takhala pamthunzi thukuta liume, kenako tisambe m'mphepete, osadumphira kuchokera pamiyala. Chomwe chinandikhumudwitsa ndi mabotolo ndi mapepala a pulasitiki omwe anali mbwee m'miyala. Ife zinyalala zathu zonse za masiku atatu zinali m'thumba limodzi lomwe mng'ono wanga anamangirira kuchikwama chake, ndipo sizinkalemera n'komwe. Anatolanso mabotolo ena pamenepo mpaka thumbalo linadzaza.

Ku ofesi tinalembetsa kuti tatsika tonse, tinalipira gayidi ndi potala, ndipo tinawonjezerapo zomwe tinatsala nazo, makamaka kwa potala amene anasenza chikwama cha mlamu kuwonjezera pa katundu wake. Nyemba zija ndi ufa wotsala tinawagawira. Ndinatenga nambala ya foni ya gayidi, ndipo tisanakwere njinga ndinawafunsa mwezi wabwino wobwereranso. Anati kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumazizira kwambiri ndipo kumabwera chiperoni, koma dzuwa silivutitsa ndipo mitsinje imakhala ndi madzi. Anati Okutobala nayenso ndi wotheka, bola tidzafike Lachisanu madzulo, tidzagone ku Likhubula, ndipo tidzapatule masiku anayi kuti Sapitwa adzakhale ndi m'mawa wakewake. Mng'ono wanga anazilemba zonsezo kuseri kwa lisiti la ku ofesi, ndipo lisitilo analimata pakhoma la kuchipinda kwake, pamwamba pa jekete ya pa kaunjika yomwe anagula sabata yotsatira.